Malangizo Amene Latif Sanawerenge

Kwa Mponda, kuseri kwa mzikiti, kunali nyumba imene makolo ankaitchula akafuna kudzudzula ana awo. Inali nyumba ya a Jaffalie, telala wa pamsika wa Mangochi, ndi akazi awo a Amida. Sanali olemera ayi. Koma pakhomopo panalibe phokoso, swala inkapempheredwa pa nthawi yake, ndipo ukasiya nsalu kwa a Jaffalie unkapeza zotsala zako atazipinda m'thumba la chovalacho, ngakhale kachidutswa kongokwana kupukutira thukuta. Munthu ngati ameneyu anayenera sadaka yaulemu atamwalira. Sanailandire, ndipo amene anamumana ndi mwana wake yemwe, Latif. Nkhaniyi imandiwawa mpaka lero.

Latif anali ndi mutu. Makina osokera a bambo ake, akale aja opalasa ndi mapazi, ndiwo anamulipirira sukulu mpaka anamaliza, kenako n'kumulipiriranso maphunziro a makompyuta. Atatero anapeza ntchito pa kaofesi ka Mayi Matilda, chakufupi ndi mlatho wa Shire.

Ntchito yake ndiyenera kuifotokoza. Masiku ano kuli mapulogalamu anzeru amene umawatuma ntchito n'kumaigwira okha iwe uli kwina. Ku ofesiko ankawatcha atumiki. Mtumiki wotere sagwira ntchito chimanjamanja. Amapatsidwa zida, ndipo chida chilichonse chimabwera ndi malangizo ake, ofotokoza zimene chimachita, poyambira pake ndi poimitsira pake. Makampani akunja ankatumiza malangizo otere kwa Mayi Matilda kuti antchito awo awawerenge, ayese ngati zolembedwazo zikugwirizana ndi zimene chidacho chikuchita, kenako alembe chigamulo. Chigamulocho chinkaikidwa pa intaneti kuti aliyense aone, m'munsi mwake muli dzina la woyesayo.

Latif atafotokoza zimenezi kunyumba, a Jaffalie za atumikizo sanazimvetse kwenikweni. Koma anatolapo chimodzi.

“Ndiye kuti ntchito yako ndi umboni,” anatero. “Anthu sakuona, iwe ukuwaonera. Ndipo dzina ukulemba m'munsimo si lako wekha, mwanangu. Latif ndiwe, Jaffalie ndine.”

Miyezi yoyamba mnyamatayu ankagwira ntchito ndi mtima wonse. Ankawerenga tsamba ndi tsamba, n'kumayesa chilichonse. Koma kuwerenga kumatopetsa, ndipo kutentha kwa Mangochi kumakoka zikope. Tsiku lina anatulukira kuti akhoza kupatsa mtumiki malangizo aja kuti awerenge ndi kulemba chigamulo, iye n'kungoika dzina. Ntchito ya tsiku lonse inatha tiyi asanazizire. Palibe anadziwa. Mawa lake anachitanso chimodzimodzi, ndipo mkuja sanafunenso kuganiza kawiri.

Munthu wopanda chochita sasowa womupatsa chochita. Pafupi ndi depoti ya maminibasi panali kanyumba kobetchera mpira, ndipo pakhonde pake sipankasowa Howard, mnzake wa Latif wa kusukulu. Howard ankavala nsapato zodula, koma ukafunsa kumene amagwira ntchito ankangoseka. Ndiye anamuphunzitsa Latif kudula tikiti yoyamba. Anamuuza kuti si juga imeneyi, ndi masamu, ndipo munthu wa mutu ngati iye sangaluze ngati mmene amaluzira akabaza. Latif anawina kamodzi, ndipo kuwina kumeneko ndiko kunamupha.

Oyamba kuona kuti zinthu zasintha anali Mayi Matilda. Anamuitana n'kumufunsa chifukwa chake zigamulo zake zonse zayamba kufanana, zonse zoyamikira. Kodi malangizo onse a pa dziko lapansi akhala abwino mwezi umodzi? Latif anati mwina angochita mwayi wolandira zabwino zokhazokha. Mayiwo anamuuza kuti wakutsina khutu ndi mnansi.

Pasanapite nthawi kunabwera chida chachilendo. Chinali chothandiza mtumiki kubetcha yekha m'malo mwa munthu. Umangochilumikiza ku ndalama zako za pafoni, chokha n'kumasankha masewero ndi kuponya ndalama. Mayi Matilda anachipereka kwa Latif ndi mawu olemera.

“Ichi chikukhudza matumba a anthu osauka,” anatero. “Uchiyese ndi ndalama zongoyerekeza. Uone chimene chimachita chikaluza, ndipo upeze poimitsira pake. Ngati malangizo sakunena zimenezi, ulembe kuti sakunena.”

Latif anavomera mwaulemu, manja ali kumbuyo. Koma masana amenewo kunali mpira waukulu, ndipo Howard anali atamusungira malo pa benchi. Anangoponyera mtumiki malangizo aja. Mtumikiyo anabweza mawu ambirimbiri, ena ooneka ngati madandaulo. Latif anangoona kutalika kwake n'kutsonya. Anamulamula kuti afupikitse, alembe zoyamikira zokha. Anaika dzina lake m'munsi, n'kutumiza, n'kuthamangira ku depoti. Sanawerenge malangizo, sanawerenge madandaulo, ngakhale chigamulo chimene anasainira sanachiwerenge.

Telala amadziwa zinsinsi za m'matumba. Tsiku lina a Jaffalie akusoka thalauzi la mwana wawo limene linang'ambika, anapeza matikiti a kubetcha atapindidwa m'thumba lakumbuyo. Sanakalipe. Anawayala pa makina, n'kudikira kuti Latif abwere. Mnyamatayu anati ndi za kuntchito, amayesera zida.

“Ine sindinapite kusukulu yako,” anatero bambo ake, “koma bodza ndimalidziwa ngati mmene ndimadziwira nsalu yowola. Juga ndi haramu, izo unaphunzira ku madrasa. Lero ukudya zako. Zako zikatha udzadya za eni, ndipo sudzasankha kuti mwini wake ndani.”

Latif analumbira kuti wasiya. Anasiyadi kusunga matikiti m'thumba, n'kuyamba kubetcha pa foni.

Chakudza sichiimba ng'oma. Mvula itangoyamba a Jaffalie anadwala chifuwa, ndipo matendawo sanachedwe nawo. Atamwalira anawaika m'manda tsiku lomwelo, monga mwa mwambo. Latif analira zenizeni, zimenezo sindingamunamizire.

Abale atakhala pansi anagwirizana za arobaini, sadaka yaikulu imene amachitira womwalira pakapita masiku makumi anayi, pamene anthu amasonkhana kumupempherera ndi kudya pamodzi. Kwa munthu ngati a Jaffalie kunayenera kuphedwa ng'ombe, mpunga uphikidwe wokwanira aliyense wobwera. A Shafi, mlongo wa a Amida amene ankagwira ntchito ku Joni, analonjeza gawo lalikulu. Ena a ku Malindi ndi ku Namwera anati aponyapo zawo. Funso linali lakuti ndalamazo zizifikira kwa ndani. Onse anayang'ana Latif. Si ndiye wophunzira, wodziwa za mafoni? A Amida anali akadali m'nyumba pa nthawi yawo ya chisoni, ndipo sakanatha kuyenda m'misika. Zopereka zonse zinayamba kulowa mu foni ya mnyamata uja.

Sabata yoyamba sanazikhudze. Yachiwiri anatengapo pang'ono, akudziuza kuti akubwereka, abweza akalandira malipiro. Analuza. Anatenganso kuti abweze zoyambazo, n'kuluzanso. Pofika sabata ya sadaka, za mpunga zinalipo, koma za ng'ombe zinali zitadyeka kwambiri. Latif anayamba kuonda, anthu n'kumati ndi chisoni cha bambo ake.

Anakamudandaulira Howard. Uyo sanadabwe n'komwe. Anati vuto la Latif ndi kubetcha ndi mtima, pamene anzake ochenjera amasiyira makina opanda mtima. Anatulutsa foni n'kumuonetsa chida chija.

“Ichi si cha mumsewu, achimwene,” anatero Howard. “Chinayesedwa ndi katswiri. Taonani dzina lake.”

Latif anayang'ana. M'munsi mwa chigamulo munalembedwa kuti Latif Jaffalie. Poyamba anaseka. Kenako anawerenga, ndipo aka kanali koyamba kuti awerenge mawu amenewo. Chigamulocho chinkati malangizo a chidachi ndi athunthu, omveka bwino, ndipo munthu akhoza kuchiimitsa nthawi ina iliyonse. Mawu ake anali okoma, Chingerezi chosalala. Pano ndi pamene ndimalephera kumumvetsa mnyamata ameneyu. Ankadziwa bwino lomwe kuti sanayese kanthu, ankakumbukira ngakhale mpira umene anathamangira tsiku limenelo. Koma ataona bodza lake litavala bwino pa intaneti, analikhulupirira. Anadziuza kuti chikanakhala choipa, wina akanadandaula kale.

Sadaka inali Lamlungu. Lachisanu m'mawa, akutuluka, mayi ake anamuitana ali pa mkeka m'chipinda. Anamufunsa ngati walipira mpunga ndi ng'ombe. Iye anati alipira lero.

“Ndalama za maliro sizigona m'manja nthawi yaitali,” anatero a Amida. “Zimatentha. Kazisiye kwa eni mpunga ndi eni ng'ombe, mtima wanga ukhale pansi.”

“Musadandaule amao, zonse zili bwino.”

Sanapite kwa eni mpunga. Anapita ku depoti. Howard anamuthandiza kulumikiza chida chija ku ndalama zonse za sadaka, ndipo Latif ndi chala chake analowetsa nambala yachinsinsi. Panali kabokosi kofunsa malire. Howard anati akasiye, kamangochedwetsa. Mtumiki anayamba ntchito pa mipira ya pakompyuta, ija imayamba ndi kutha munthu asanamalize kumwa madzi. Anawina koyamba. Anawinanso. Latif anamva thupi kupepuka, n'kuyamba kuona ng'ombe yonenepa itamangidwa pa mtengo wa mango kunyumba kwawo.

Nthawi yomweyo kunamveka kuitana kwa swala ya Ijumaa. Chiyambire maliro Latif sankaphonya Lachisanu, poopa maso a anzawo a bambo ake. Anaganiza zoti mtumiki apume kaye, adzapitirize akatuluka. Pakhomo la mzikiti anavula nsapato n'kuthimitsa foni, monga amachitira aliyense. M'mutu mwake, kuthimitsa foni kunali kuimitsa mtumiki, ngati mmene umathimitsira wailesi. Akanawerenga tsamba loyamba lokha la malangizo aja, akanadziwa kuti mtumiki sakhala mu foni. Amakhala pa makompyuta akutali, ndipo sadziwa kuti kuli Ijumaa.

Shehe analalikira za kusunga zimene wapatsidwa kuti usunge. Latif anagwada, anawerama, anaimirira pamodzi ndi anzake, mtima uli ku ng'ombe.

Atatuluka anayatsa foni. Inayamba kulira osalekeza, uthenga pamwamba pa uthenga, uliwonse ukunena za ndalama zimene zatuluka, ndipo uliwonse unali wokulirapo kuposa unzake. Zinali zikutulukabe iye akuyang'ana. Anathimitsa foni, anayatsanso, sizinasinthe. Anaimbira Howard, foni sinayankhidwe. Ndipo pamenepo, ataima pa dzuwa nsapato imodzi ili m'manja, Latif anatsegula malangizo aja kufuna poimitsira. Anapeza mutu wakuti Kuimitsa Mtumiki. Pansi pake panali mzere umodzi wokha, wonena kuti gawoli lidzalembedwa m'tsogolo.

Anakwera kabaza kuthamangira ku ofesi. Mayi Matilda anamva nkhaniyo ataimirira, ndipo sanataye nthawi ndi mafunso. Anaimbira a kampani ya foni kuti atseke ndalamazo. Pamene ankayankhidwa n'kuti mulibenso chotseka.

Kenako anamukhazika pa mpando n'kuyesa chidacho ndi ndalama zongoyerekeza, iye akuona. Sizinatenge nthawi. Chikaluza, chinkaponya kawiri kuchuluka kwa zimene chaluza. Chikaluzanso, kawirinso. Kabokosi ka malire ukakasiya, ndiye kuti palibe malire. Malangizo sananene chilichonse cha zimenezi. Mayiwo anafufuza n'kupeza madandaulo aja amene mtumiki analemba tsiku loyamba, amene Latif analamula kuti afupikitsidwe. Zonse zinalimo.

“Ntchito imene ndinakupatsa inali imeneyi,” anatero Mayi Matilda motsitsa mawu. “Masana amodzi okha. Ukanadzipulumutsa wekha, ukanapulumutsanso ena amene aona dzina lako n'kukhulupirira. Siya makiyi pa tebulo.”

Apa munthu wanzeru akanathamangira kwa mayi ake n'kugwa pa mapazi awo, abale akanaona chochita nthawi ikadalipo. Latif anasankha kukhala chete. Loweruka a Shafi anafika kuchokera ku Joni, atatopa ndi ulendo wa basi, ndipo anafunsa kuti ng'ombe ili kuti. Latif anati aibweretsa m'mamawa, pamodzi ndi mpunga, pa galimoto imodzi. Sindidziwa chimene ankayembekeza. Mwina ankaganiza kuti Lamlungu silifika.

Linafika. Kutacha amayi a ku Malindi ndi ku Namwera anali atayala kale mafuwa kuseri kwa nyumba, masefuliya akuluakulu ali pamoto. Wozinga ng'ombe ananola mpeni wake n'kukhala pansi pa mango. Amuna anadzaza mikeka pabwalo, makofia oyera mbee. Madzi anawira, anaphwa, anathiramo ena. Ana anayamba kulira njala. Aliyense akamva galimoto mumsewu ankatembenuka, galimotoyo n'kudutsa.

Dzuwa litakwera, a Shafi anamukokera Latif kuseri kwa bafa n'kumuuza kuti aimbire mwini ng'ombe iwo akumva. Latif anatulutsa foni, koma sanaimbe. A Shafi anailanda n'kuwerenga mauthenga aja okha. Anawerenga nthawi yaitali.

“Thukuta langa la ku Joni ndilibe nalo mawu,” anatero. “Koma wadya sadaka ya bambo ako. Lowa ukawauze wekha mayi ako, ine pakamwa panga sipangathe.”

Latif analowa, anagwada pa khomo la chipinda, n'kunena zonse. A Amida sanalire. Anafunsa ngati kwatsala kanthu, iye anapukusa mutu. Kenako anaitana mlongo wawo n'kuwatuma kwa telala wina wa pamsika, amene kwa zaka zambiri ankasirira makina a a Jaffalie.

Makinawo anatuluka pa khomo lakumaso, chifukwa lakuseri linali laling'ono. Anthu onse a pa sadaka anaona. Mutu wake anaumanga pa kabaza mmodzi, tebulo lake pa wina, ndipo chopondera chija, chimene mapazi a a Jaffalie anachisalalitsa, chinkagwedera chokha njinga ikamadumpha mabampu. Latif anaima pakhonde, ndipo mayi ake analankhula ali m'kati, mawu awo akudutsa pa zenera.

“Makina amenewo ndiwo anakulipirira kuti udziwe kuwerenga.”



Chakudya chinapsa dzuwa litapendeka, mpunga wochepa ndi mbuzi imodzi yowonda. Akutali ambiri anali atanyamuka kale ndi njala kuti apeze matola. Shehe anapemphera mapemphero onse mosadumpha, ndipo anakumbutsa anthu kuti dua, pemphero lopempherera womwalira, siyendera nyama. Ananena zoona. Koma anthu ali ndi pakamwa, ndipo pofika Lolemba msika wonse unkadziwa kuti sadaka ya telala wokhulupirika uja inadyedwa ndi mwana wake pa juga.

Howard sanaonekenso ku depoti. Zinadziwika kuti ankalandira kangachepe pa munthu aliyense amene wamukokera ku chida chija, ndipo nyambo yake inali dzina la Latif. Akabaza ndi ogulitsa usipa angapo anataya mipamba yawo momwemo. Ankati anakhulupirira chifukwa anaona dzina la Jaffalie, ndipo a Jaffalie sananamizepo munthu. Mayi Matilda analembera kampani yakunja imene inatumiza malangizo aja kuti chigamulocho chichotsedwe, koma chinali chitakopedwa kale m'malo ambiri. Mpaka pano ukafufuza umachipeza, dzina lili pomwepo.

Latif anasiya juga. Izo ndi zoona, ndipo ndikuthokoza Mulungu. Masiku ano amasenza madengu a nsomba pamsika, chifukwa palibe ofesi imene ingamukhulupirire ndi cholembera. Anasunga timakobidi take kwa nthawi yaitali, n'kupita kwa telala uja kuti akawombole makina. Anapeza anagulitsidwa kale kwa munthu wa ku Mozambique amene sanasiye ngakhale dzina. A Amida amamuyankha moni, amamuikira chakudya. Koma pa ngodya pamene pankakhala makina anaikapo mtsuko wa madzi, ndipo Latif akalowa m'nyumbamo sayang'ana kumeneko.

Inu achinyamata amene mukuwerenga nkhaniyi, musanamizidwe kuti Latif anagwa tsiku la Ijumaa lija. Anagwa masana amene anaika dzina lake pansi pa zinthu zimene sanawerenge. Ulesi unabala bodza, bodza linapeza juga ikudikira, ndipo juga inamufikitsa pa kuba za maliro a bambo ake. Ukapatsidwa ntchito yoonera anzako, ona. Usachitire umboni chimene sunayese, pakuti choipa chitsata mwini, ndipo tsiku lina wodalira umboni wakowo udzakhala iwe wemwe. Ndipo juga musaiyandikire, kaya ikubwera pa kapepala, kaya pa foni, kaya yavala dzina la makina anzeru. Latif anachenjezedwa ndi abwana ake, bambo ake ndi mayi ake. Koma anadzamva pamene makina a bambo ake anali atakwera kale kabaza.